Msilikali Wotsutsika Mumtima ndi Munthu Wopanda Chikumbumtima

Munthu wochokera ku Malosa akadutsa Domasi ndi kulowa m'tauni ya Zomba, napitirira pang'ono pa mseu wa ku Blantyre, amaona nsanja yaitali ya njerwa pafupi ndi kampu ya asilikali ya Cobbe Barracks. Nsanjayo inamangidwa kuti ikhale chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles, amene anthu a m'midzi anawatcha a Keyala, omwe anafa pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918. M'mwezi wa November akuluakulu amaika nkhata za maluwa pamenepo, lipenga nkulira, anthu nkukhala chete kanthawi. Ulemu wonsewo ndi wa akufa. Koma ochuluka mwa amene anapita ku nkhondo sanafere komweko ai. Anabwera kwao, nakwatira, nalima, nabala ana, ndipo ena mwa iwo anabwera ndi katundu wosaoneka ndi maso amene anamsenza mpaka kumanda.

M'midzi yambiri muli mbiri ya munthu wotere. Amati anali mnyamata wansangala asanapite, koma atabwera anasanduka wina: wosalankhula, wopsa mtima msanga, wokonda kachasu, wodzidzimuka usiku ndi kufuula maina osadziwika pamudzi. Pa maliro sagwetsa msozi. Ana akamuona amapatuka. Akulu amadula mlandu mwachidule, amati, "Ameneyu anapha anthu, mtima wake unauma, alibenso chisoni." Achinyamata oonera mafilimu ali ndi liu lao lachingerezi, amati munthuyo ndi psychopath. Chiweruzo chimenechi ncholakwa, ndipo kulakwa kwake sikochepa, pakuti chimatenga anthu awiri osiyana kutalitali nkuwamanga mtolo umodzi. Woyamba akudwala chifukwa chikumbumtima chake chili moyo ndipo sichimpatsa mpumulo. Wachiwiri vuto lake nlakuti chikumbumtimacho sichinamere bwino chiyambire ubwana wake. Mphunzitsi, amene pamudzi amafunsidwa nzeru pa nkhani zambiri zoposa masamu, ayenera kudziwa kuwasiyanitsa.

Kumene anapita ndi zimene anabwera nazo

Pa nkhondo yoyamba ija, imene makolo anaitcha ya Chiwaya potengera dzina la mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza, amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino analowa usilikali, ndipo ena ofika pafupifupi 200,000 anatengedwa, ambiri mokakamizidwa, kukhala amtengatenga. Kumenyana kunayambira ku Karonga mu September 1914, ndipo pasanathe miyezi itatu John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi a dziko lino akukhetsa mwazi pa mkangano umene suli wao. Zaka zinai zotsatira asilikali anathamangitsana ndi gulu la Mjeremani von Lettow-Vorbeck m'dziko limene tsopano ndi Tanzania, nalowa m'Mozambique, mpaka nkhondo inathera ku Northern Rhodesia mu November 1918. Njala ndi matenda zinapha anthu ochuluka koposa zipolopolo. Magulu a mbali zonse ziwiri ankalanda chakudya m'nkhokwe za midzi imene ankadutsamo, ndipo wamtengatenga wogwa ndi kamwazi ankasiyidwa m'mbali mwa njira, ulendo nkupitirira.

Pa nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, anapitanso amuna pafupifupi 30,000. Anamenya ku Somaliland, ku Abyssinia ndi ku Madagascar, ndipo mu 1944 anatsika m'chigwa cha Kabaw ku Burma nthawi ya mvula yosakata, m'matope ndi malungo, kukakumana ndi Ajapani m'nkhalango yowirira momwe mdani amaoneka ali kale pafupi. Ena anatumizidwa ku Malaya m'zaka za 1950. Dziko litalandira ufulu, asilikali a Malawi analondera njanji ya ku Nacala kuyambira 1987, pa nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, ndipo mu 2013 analowa m'gulu lapadera la United Nations lomenya nkhondo kum'mawa kwa Congo. Tsono nkhaniyi si ya agogo okha. Mwana wa msilikali wobwera ku Congo akhoza kukhala pa benchi la kutsogolo m'kalasi ya sitandade 4.

Munthu wobwera ku malo otere amadziimba mlandu m'njira zingapo. Wina amakumbukira nkhope ya munthu amene anamuwombera, makamaka ngati anapeza pambuyo pake kuti anali kamnyamata, kapena mlimi wosanyamula chida. Wina sanaphe, koma anaona mnzake akuchita choipa, iye nakhala chete. Wina anamvera lamulo limene mtima wake unalikana. Ndipo pali mlandu wina wodabwitsa, umene munthu wosapita ku nkhondo saumvetsa msanga, ndiwo mlandu wa kukhala ndi moyo. Anthu awiri anagona dzenje limodzi, nadya m'mbale imodzi. Bomba linatenga mmodzi nkusiya mnzake. Wotsalayo amatha zaka makumi anai akudzifunsa chifukwa chake sanali iye, ndipo akakumana ndi mai wa womwalirayo pamsika amasowa poyang'ana.

Chirope

Makolo sanadikire madokotala a ku Ulaya kuti awauze kuti kupha munthu kumadwalitsa wakuphayo. Anali nalo kale liu lake, ndilo chirope. Duff Macdonald, mmishonale wa ku Blantyre amene anasindikiza buku lotchedwa Africana mu 1882, anafotokoza kuti munthu wopha kapolo wake kapena mbale wake ankaopa chirope: ankayembekeza kuonda, kuchita khungu ndi kufa imfa yomvetsa chisoni. Kuti apulumuke ankapita kwa mfumu ndi nsalu kapena malipiro ena, naulula kuti wapha munthu, napatsidwa mankhwala akumwa kapena osamba. Brian Morris, amene anakhala ku Makwawa m'chigwa cha Domasi pofufuza za zomera ndi nyama, anapeza liu lomweli likadali moyo pakati pa alenje patapita zaka zana: mlenje wopha nyama zina zazikulu, monga ntchefu, ayenera kutsata miyambo yake, apo ai mwazi wa nyamayo umamsokoneza mutu.

Angoni, amene nkhondo inali ntchito yao yolemekezeka, sanachite mosiyana. James Frazer, posonkhanitsa miyambo ya mitundu yambiri, analemba za Angoni a kumpoto kwa Zambezi kuti ankhondo amene anapha adani ankadzola phulusa kumaso ndi m'thupi, namanga luzi m'khosi masiku atatu atabwera, ndipo mbandakucha ankathamanga m'mudzi akufuula kuti apirikitse mizimu ya ophedwawo. Amenewa sanali akuba kapena achifwamba; zinali ngwazi zimene mfumu inkazitamanda pabwalo. Komabe mudzi sunawalole kungolowa m'nyumba ndi kufungata ana ngati kuti abwera kumunda.

Nzeru yomweyi ipezeka kutali ndi kuno. M'buku la Numeri, mutu 31, ankhondo a Israele amene anapha munthu analamulidwa kukhala kunja kwa chigono masiku asanu ndi awiri, kudziyeretsa ndi kuchapa zovala zao, ngakhale nkhondoyo inali yolamulidwa ndi Mose mwini. Ku England, itatha nkhondo ya ku Hastings ya 1066, mabishopu anaikira asilikali opambana chilango cha kulapa: chaka chimodzi pa munthu aliyense amene anamupha, ndipo wosadziwa chiwerengero cha amene anawapha alape tsiku limodzi sabata iliyonse moyo wake wonse. Ndipo pafupi pompano, ku Mozambique, nkhondo itatha mu 1992, Alcinda Honwana analemba za mabanja amene analandira ana ao obwera ku tchire powasambitsa mankhwala ndi kutentha zovala za ku nkhondo asanadye nao pamodzi. Ku Gorongosa, Victor Igreja anapeza njira ina: mizimu ya asilikali akufa, yotchedwa magamba, inkagwira anthu ndi kukakamiza banja kunena poyera zoipa zimene zinachitika ndi kulipira.

Munthu wophunzira angaseke phulusa ndi luzi, koma aseke atayamba waona chimene miyamboyi inkachita. Inkavomereza pamaso pa anthu onse kuti chinthu cholemera chachitika, osachibisa ndi nyimbo zotamanda. Inkapatsa wakuphayo chochita ndi manja ake. Inkaika malire a masiku, atatu kapena asanu ndi awiri, kuti kudetsedwako kusakhale kwamuyaya. Ndipo pomaliza mudzi wonse unkamlandira, kotero kuti mlandu sunatsale chinsinsi cha munthu mmodzi. Nzoona kuti chirope si chimodzimodzi ndi kutsutsika mumtima, pakuti chirope chimatsata mwazi ndipo chimagwera wolapa ndi wosalapa yemwe. Koma kwa munthu wotsutsika mumtima mwambowo unali khomo lolowera kwao. Asilikali a Keyala potuluka usilikali analandira kalata, kandalama ndi mendulo. Za kusambitsa munalibemo m'malamulo a boma, ndipo amene anasambitsidwa anasambitsidwa ndi abale ao.

Zimene madokotala anapeza mochedwa

Mu 1915 dokotala wa ku England, Charles Myers, analemba za asilikali onjenjemera, oiwala ndi osamva bwino, natchula nthendayo kuti shell shock poganiza kuti imadza ndi kuphulika kwa mabomba. Panapita zaka 65 kuti madokotala a ku America, ataona asilikali obwera ku Vietnam, alembe m'buku lao la matenda a maganizo, mu 1980, nthenda yotchedwa mwachidule PTSD. Muzu wa nthendayi ndi mantha. Thupi limene linaphunzira kudikira imfa limakana kukhulupirira kuti nkhondo inatha: chitseko chikamenyetseka munthu amagwa pansi, maloto amambwezera kunkhalango, ndipo amakhala moyang'ana khomo kulikonse kumene ali.

Koma panali odwala ena amene mantha atachepa sanachire. Mu 1991 Herbert Hendin ndi Ann Haas, atafufuza asilikali a ku Vietnam odwala PTSD, anapeza kuti chimene chinasiyanitsa koposa amene anayesa kudzipha ndi anzao chinali kudziimba mlandu pa zimene anachita ku nkhondo. Jonathan Shay, dokotala amene anasamala asilikali otere ku Boston, anatcha vutoli moral injury m'zaka za 1990, ndiko kunena bala la chikumbumtima. Iye anatsindika za msilikali woperekedwa ndi akulu ake amene anawakhulupirira. Mu 2009 Brett Litz ndi anzake anakulitsa tanthauzo lake kuti likhudze aliyense amene anachita, anaona, kapena analephera kuletsa chinthu chotsutsana ndi zimene mtima wake umaziyesa zolungama. Wa mantha amati, "Ndifa." Wa bala la chikumbumtima amati, "Sindiyenera kukhala ndi moyo."

Apa mpamene pagona chisokonezo cha anthu a pamudzi. Munthu amene mtima wake ukumtsutsa usana ndi usiku sakhoza kupirira ululuwo kosalekeza, tsono amatseka mtima wonse, monga munthu wotseka zenera chifukwa cha utsi natsekera kunja ndi kuwala komwe. Chisoni chikatsekedwa, chimwemwe ndi chikondi zimatsekedwa nacho. Sanyamula khanda chifukwa amayesa manja ake odetsedwa. Amamwa kuti agone. Amakalipira mkazi wake chifukwa kukoma mtima kwa mkaziyo kumamlasa, pakuti iye amadziyesa wosayenera kukondedwa. Zinthu zikayamba kumuyendera bwino amaziononga yekha. Woyang'ana kunja amaona mwala, osadziwa kuti pansi pa mwalawo pali moto.

Munthu wachiwiri

Mu 1801 dokotala wa ku Paris, Philippe Pinel, analemba za odwala ena amene nzeru zao zinali zolongosoka, osaona zideruderu, osamva mau a anthu osaoneka, koma ochita zankhanza mosadziletsa. Mu 1941 Hervey Cleckley wa ku America anafotokoza anthu a mtundu umenewu m'buku lotchedwa The Mask of Sanity, ndiko kunena chigoba cha munthu wolongosoka. Ndipo dzinali linasankhidwa bwino, pakuti psychopath saoneka woopsa poyamba. Amakhala wokoma pakamwa, wodziwa kuseketsa, wonama osaphethira, wodzimva, wotopa msanga ndi ntchito imodzi kapena mkazi mmodzi, wodyera anzake masuku pamutu. Akagwidwa amakankhira mlandu kwa wina, kapena kwa wolakwiridwayo amene. Akalangidwa lero, mawa abwereza. Robert Hare wa ku Canada anakonza muyeso wa zizindikiro 20, umene unatuluka wokonzedwanso mu 1991. Chizindikiro chilichonse chimapatsidwa 0, 1 kapena 2, ndipo ku America munthu amayesedwa psychopath akafika 30 mwa 40. Muyesowu ndi wa akatswiri okhala ndi mbiri yonse ya munthuyo m'manja, si wa mphunzitsi kapena mfumu ai. Ofufuza amayerekeza kuti anthu otere ndi mmodzi pa 100 alionse, koma m'ndende za ku America ndi Canada amafika pakati pa 15 ndi 25 pa 100.

Psychopathy si misala. Wamisala wasokonezeka pa kuzindikira zenizeni. Psychopath amadziwa tsiku, amadziwa lamulo, amadziwa ndi chimene anthu amachitcha choipa. Amachidziwa monga mwana woloweza ndime ya chinenero chimene sachimva: mau onse alipo, tanthauzo palibe.

Chiyambi chake chili ku ubwana. Mwana wamba akamenya mnzake naona misozi, kanthu kena kamamgwira m'kati. Amaleka, amachita manyazi, mwina amalira naye. Pa kugwidwa kumeneko, kobwerezedwa kambirimbiri, mpamene chikumbumtima chimamera. Mu 1957 David Lykken anayesa akaidi powamvetsa kulira kwa belu kotsatidwa ndi kugwidwa ndi magetsi pang'ono. Anthu wamba anayamba kutuluka thukuta m'manja akangomva belu, koma a mtundu uwu thupi lao silinaphunzire bwino kuopa. Pambuyo pake James Blair anasonyeza kuti amavutika kuzindikira mantha ndi chisoni pa nkhope ya mnzao, ndipo kuti kachiwalo kena kakang'ono ka mkati mwa ubongo, kotchedwa amygdala, sikagwira ntchito mwa iwo monga mwa ena. Kafukufuku wa ana amapasa asonyeza kuti chibadwa chili ndi gawo lalikulu, ndipo kuleredwa mwankhanza kapena motayiriridwa kumaonjezera. Chifukwa chake munthu amene anakula ndi chifundo mpaka zaka 22 sasanduka psychopath chifukwa wavala yunifomu. Nkhondo ikhoza kumzoloweza zoipa. Thomas Elbert ndi anzake a ku Konstanz anapeza pakati pa omenya nkhondo a kum'mawa kwa Congo kuti ena, makamaka otengedwa ali ana, anafika pomva chiwawa kukoma. Koma chozolowera chili ndi chiyambi chake chimene abale angachiloze, pamene winayo amake amene amavomera kuti anali wotero chikhalire.

Ena amaganiza kuti munthu wosaopa ndi wosamva chisoni ndiye msilikali weniweni. Gulu la nkhondo silimangidwa ndi anthu otere. Limamangidwa ndi anthu amene sangasiye mnzao. Mu November 2018, pafupi ndi mzinda wa Beni ku Congo, dzina lofanana mwangozi chabe ndi gule uja wa kuno, asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi anafa pomenyana ndi gulu la ADF. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Omary, atavulala poyera. Anapita kukamkokera pobisika zipolopolo zikuvumba, ndipo anaomberedwa akumthandiza. Omary anapulumuka. Mu May 2019 United Nations inapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ya kulimba mtima kopambana. Chingwe chimene chimakokera msilikali kwa mnzake wovulala ndi chomwecho chimene chimamanga wotsala pakhosi akabwera kwao. Psychopath alibe chingwecho, nchifukwa chake sadwala nthendayi. Komanso nchifukwa chake palibe msilikali wanzeru amene angafune kugona naye dzenje limodzi.

Posiyanitsa

Funso loyamba ndi la mbiri: anali wotani asanapite? Ngati alongo ake akumbukira mnyamata wosamala mbuzi ndi wolera ang'ono ake, kuuma kwa lero nkwa bala. Lachiwiri ndi la kumene chala chimaloza. Wotsutsika mumtima amadzitengera milandu ngakhale imene si yake, monga bomba limene sakanatha kuliletsa. Winayo sapezeka wolakwa ngakhale pa chimene wagwidwa nacho m'manja. Kasimbidwe ka nkhani kamasiyananso. Woyamba amathawa nkhani ya kupha, ndipo akaiyamba mau amamthera pakhosi; wachiwiri amaisimba mokoma pa mowa, naikometsera, mwina nkuonjeza zimene sanachite konse. Psychopath amadziwa kupepesa, ndipo amapepesa mokometsera koposa anthu onse ngati kupepesako kumtulutsa m'mavuto; chosowa ndi ntchito yotsata mauwo. Wotsutsika mumtima mwina sapepesa ndi pakamwa, koma adzapezeka akufolera nyumba ya mkazi wamasiye wa mnzake chaka ndi chaka osanena chifukwa.

Pali mau ena amene madokotala a asilikali amawamva kawirikawiri: "Sindimvanso kanthu, kodi ndine chilombo?" Funsolo lili ndi yankho lake m'kati mwake. Munthu wopanda chikumbumtima sasowa tulo chifukwa choopa kuti alibe chikumbumtima.

Koma nkhaniyi isakokedwe kupitirira pamene ifika. Msilikali wosadziimba mlandu si psychopath chifukwa cha chimenecho chokha. Ambiri anabwera ali bwino, nakhulupirira kuti anachita ntchito imene anatumidwa ndi kuti wowaomberayo akanawapha. Anakhala akapitao, amesenjala ndi mafumu, nasandutsa perete wa ku kampu kukhala magule a beni ndi malipenga amene ana amavina mpaka lero. Melvin Page, amene anaphunzitsa pa Chancellor College ndi kuyenda m'midzi m'zaka za 1970 kufunsa okalamba a nkhondo ya Chiwaya, anasonkhanitsa mau a anthu osiyanasiyana, onyada ndi odandaula omwe. Ndiponso kutsutsika mumtima sikuyeretsa munthu pa zimene akuchita tsopano. Mkazi womenyedwa wamenyedwa ndithu, kaya dzanja ndi la wodwala kapena la woipa, ndipo ayenera kutetezedwa lero lomwe. Pomaliza, si mlandu wonse umene uli wongoganizira. Pali amene anaphadi osalakwa. Kuuza wotere kuti, "Iwalani, inali nkhondo," nkumnamiza, ndipo iye amadziwa kuti akunamizidwa. Amangoona kuti palibe wolimba mtima kumva nkhani yake. Mfumu ya m'buku la Macdonald sinkati palibe kanthu. Inkamva kuulula, nilandira malipiro, kenaka nkupereka mankhwala. Madokotala a bala la chikumbumtima afika pa njira yofananayo: kunena zoona zonse kwa munthu wosathawa, kulekanitsa gawo limene linalidi m'manja mwake ndi limene silinali, ndi kubwezera mwa ntchito kwa amoyo.

M'kalasi

Mphunzitsi adzakumana ndi nkhaniyi mwa ana. Anyamata awiri athyola mwendo wa galu wa mlonda. Wina atafunsidwa akana mwaukali, koma makutu ali psuu, maso ali pansi, ndipo mawa lake sabwera ku sukulu. Winayo ayang'ana mphunzitsi m'maso, nasimba bodza losalala, ndipo pa nthawi yopuma aonetsa anzake mmene galuyo ankalirira. Woyamba safuna ndodo, pakuti wadzikwapula kale. Afuna njira yokonzera cholakwa ndi yobwerera pakati pa anzake. Wachiwiri ndodo siimgwira, monga anaonera Lykken. Ofufuza za ana otere apeza kuti amasintha msanga ndi chikondi chosasunthika, malamulo omveka ndi mphotho ya khalidwe labwino koposa ndi chilango. Koma mphunzitsi asatche mwana aliyense psychopath, ngakhale mumtima mwake. Madokotala amene sapereka dzinali kwa ana, pakuti ambiri amasintha akamakula. Ndipo mwana womenyedwa kwao kapena wamasiye amavalanso nkhope yosamva kanthu, monga msilikali uja.

Mwana wa msilikali akayamba kuodzera m'kalasi atate ake atangobwera, kapena kunjenjemera mphunzitsi akakweza mau, nkwabwino kucheza ndi amake mwaulemu asanamlembe waulesi. Ndipo ngati mau afika akuti bamboyo akunena za kufa, kapena akugawa katundu wake popanda chifukwa, imeneyo si nkhani yodikira msonkhano wa makolo. Abale amperekeze ku chipatala tsiku lomwelo. Cha St Luke's chili pa Malosa pomwepa, ndipo Zomba Mental Hospital, imene inatsegulidwa mu 1953, ndiyo chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo.

Pa phunziro la mbiri yakale mphunzitsi wachangu amafuna kuitana msilikali wopuma kuti adzasimbire ana. Nchinthu chabwino, koma chifuna kukonzekera, pakuti m'kalasi iliyonse muli mnyamata amene funso lake loyamba lidzakhala lakuti, "Agogo, munapha angati?" Mphunzitsi agwirizane ndi ana dzulo lake kuti funso limenelo silifunsidwa. Mafunso ena alipo ochuluka: ankadya chiyani, sitima ya pamadzi inatenga masiku angati, makalata ankafika bwanji, ankalankhula chinenero chanji ndi anthu a kumeneko, anamva bwanji ataona phiri la Zomba pobwera. Mlendoyo akafuna kunena zolemera adzanena yekha, pa muyeso wake. Akaima pakati pa nkhani nayang'ana pazenera, mphunzitsi asamfulumize ndipo asadzaze mpatawo ndi mau ake; adikire, kenaka amthokoze, ana aimirire, ndipo iye mwini amperekeze mpaka pa mseu.